Mutu 6: Maeyiti Awiri a Bilyana

1. Chipinda cha mbaula

Kwathu ku Gorna Lipa chisanu sichibwera kudzacheza ayi. Chimabwera ndi katundu wake yense n'kukhazikika miyezi inayi. Chipale chofewa chimakwirira misewu, madzi amauma m'mipopi, ndipo okalamba amayamba kusunga nkhuni ngati mankhwala.

M'holo ya m'mudzi muli chipinda chimodzi chokha chofunda. Muli mbaula yaikulu yachitsulo, matebulo atatu ndi mashelefu a mabuku. Nkhuni zimachokera ku khonsolo, ndipo zimangokwanira mbaula imodziyo. Kiyi amasunga Mayi Zlatka, oyang'anira holoyo, mayi wosafuna zachibwana.

Kwa zaka zambiri chipindacho chinali cha madala. Ankafika m'mawa, kukoloweka zikhoti pamisomali, n'kuyamba beloti mpaka dzuwa kupendeka. Beloti ndiwo masewera a makhadi amene munthu wa kwathu amayamwira kubere. Amasewera momenya tebulo, motukwanizana, kenako n'kumwera limodzi khofi ngati sipanachitike kanthu.

Woyamba kufika tsiku lililonse anali a Dobri, bambo wamasiye wa zaka makumi asanu ndi atatu. Iwo sankasewera, poti maso anali atafooka. Ankangokhala pafupi ndi mbaula, manja ali pamaondo. Penshoni yawo sinkakwana kugula nkhuni, ndipo kunyumba kwawo madzi ankaundana m'ndowa. Aliyense ankadziwa chimene a Dobri ankadzera kuholo, koma palibe ankachitchula.

Ndiye kunabwera Ognyan. Mnyamatayu anakhala zaka zisanu ku Jeremani akumanga nyumba za eni. Anabwerako ndi jekete lachikopa, galimoto yosokosa ndi zitsulo zonyamula pokhwimitsa thupi. Zitsulozo ankafuna kuziika m'chipinda cha mbaula.

"Anyamata a m'mudzi muno alibe kopita," ankatero. "Madala ali ndi nyumba zawo. Akawothere kumeneko."

Kunena zoona, mfundo anali nayo. Koma pakamwa pake panali polula, ndipo mkanganowo unatha milungu iwiri. Tsiku lina Agogo Stoyko, mtsogoleri wa madala pa beloti ndi pa phokoso, anamenya tebulo.

"Basi! Tiweruzane pa makhadi. Wopambana atenge kiyi mpaka mitengo iphuke!"

"Zomveka, madala," anatero Ognyan akumwetulira. "Koma tisewera poka."

"Poka, poko, chilichonse! Khadi ndi khadi!"

Anagwirana chanza pamaso pa Mayi Zlatka. Atafika kunyumba m'pamene Agogo Stoyko anafunsa kuti poka n'chiyani. Safunsa anadyadi phula.

Pangano linali lakuti Lamulungu masana mbali iliyonse ibweretse anthu atatu. Aliyense apatsidwe kapu ya nyemba zoyera m'malo mwa ndalama. Wotsala yekha ndi nyemba ndiye wapambanira mbali yake. Madala anapeza Agogo Stoyko ndi a Kolyo, amene kale ankameta anthu tsitsi. Wachitatu anasowa, aliyense anati msana ukuwawa.

Apo m'pamene Bilyana, mdzukulu wa Agogo Stoyko, anakweza dzanja. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ali m'kalasi lomaliza, katswiri wa masamu. Madzulo aliwonse ankalembera ntchito ya kusukulu m'chipinda chomwecho, ndipo kwa milungu iwiri anali ataona Ognyan akusewera poka ndi anzake pakona. Anali ataonetsetsa.

2. Malangizo a Agogo

Lamulungu m'mawa Agogo Stoyko anavala suti ya paukwati wawo. Anaima pagalasi akumanga taye, Bilyana akuwafotokozera malamulo kachisanu.

"Aliyense amalandira makhadi awiri obisa, agogo. Kenako pakati amayala asanu oonekera: atatu poyamba, kenako limodzi, kenako lomaliza. Nthawi iliyonse mnzanu akaika nyemba, inu mumasankha. Mutha kutsatira poika zofanana, mutha kukweza, kapena mutha kutaya makhadi n'kuluza zimene mwaika kale."

"Nanga wamkulu ndani? Jeke ndi naini, eti?"

"Ayi agogo, izo ndi za beloti. Kuno chofunika ndi makhadi ofanana. Awiri ofanana amaposa munthu amene alibe ofanana. Ngakhale maeyiti awiri."

Agogo anasiya taye n'kutembenuka.

"Eyiti? Iwe mwana, eyiti ndi seveni ndi zinyalala. Pa beloti sitiziwerenga n'komwe. Zaka makumi asanu ndi limodzi ndakhala ndikutaya maeyiti, lero undiuze kuti ndi makhadi?"

Bilyana anapumira m'mwamba. Kuphunzitsa Agogo Stoyko kunali kutunga madzi ndi dengu. Koma iwo anakoka mpando, n'kumuuza kuti akhale pansi.

"Za malamulo akozo sindizidziwa, ndavomera," anatero. "Koma anthu ndimawadziwa. Ndagulitsa nkhosa pamsika zaka makumi anayi, ndipo a Ognyan ndakumana nawo ambirimbiri. Tamvera. Munthu wotere chida chake ndi chimodzi, kukufulumizitsa. Amafuna uganize ndi mtima, osati ndi mutu. Akakuopseza, uthawa n'kusiya zako. Akakukwiyitsa, umulumphira n'kugwera m'dzenje. Njira zonse ziwiri ndi zake.

"Ndiye iwe usathawe, ndipo usalumphe. Khala. Wofuula msiye afuule, mmero ndi wake. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Akakunyoza usayankhe, chifukwa mawu ako ndi zenera loonera m'nyumba mwako. Akakuseka, muyang'ane manja. Usachite manyazi kudikira. Pamsika ndinaona anthu akugula nkhosa yodwala chifukwa choopa kuoneka ozengereza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mdzukulu wanga.

"Ndipo kumbukira chimene ukusewerera. Si dzina langa. Ine ndikaluza ndikhala m'khitchini muno, amayi ako azindilalatira, moyo uzipita. Koma a Dobri tinakhala nawo pabenchi imodzi kusukulu. Akatsekeredwa kunja chisanu chino, mitengo ikamaphuka sadzaiona. Pakamwa panga ndi pamene pawaika pamenepa, ndipo usiku wonse sindinagone."

Anatulutsa mpango n'kumina mwamphamvu. Kenako anafunsa ngati taye yakhala bwino.

3. Nyemba pa tebulo

Masana holo inadzaza. Amayi anabwera ndi banitsa yotentha, buledi wa kwathu wa tchizi, m'mathireyi, ana anakwera m'mazenera. Matebulo awiri anawaphatikiza pakati, Mayi Zlatka n'kukhala kumutu ndi makhadi atsopano.

Kwathu masewera a makhadi sakhala a osewera okha. Kumbuyo kwa wosewera aliyense kumaima oonerera, makosi ali tasa, kusuzumira m'manja mwake. Ndi mwambo wakale, ndipo kuuletsa n'kuyamba ndewu. Mayi Zlatka anangochenjeza kuti oonerera asatsegule pakamwa.

Ognyan anafika mochedwa dala, anzake awiri ali pambuyo. Ataona Bilyana anaseka.

"Aa, madala, mwafika pobwereka ana asukulu? Iwe chemwali, homuweki wamaliza?"

"Ndamaliza, achimwene," anayankha Bilyana.

Masewera atangoyamba, Ognyan anayamba kukweza. Khadi labwino, kukweza. Khadi loipa, kukweza. Nyemba ankaziponya pakati mwankhanza, zina n'kugubuduzikira pansi. A Kolyo anagwira njakata. Ankataya makhadi nthawi iliyonse, mulu wawo n'kumaphwa pang'onopang'ono, ndipo ola lisanathe anali ataimirira pakati pa oonerera akudya banitsa.

Agogo Stoyko anapirira pang'ono. Koma Ognyan anawayang'ana suti ija n'kufunsa mokweza kuti, "Madala, suti imeneyi ndi ya ukwati kapena mwakonzekeratu maliro?"

Malangizo onse a m'mawa anaulukira pazenera. Agogo anafiira nkhope, n'kukankhira nyemba zawo zonse pakati ali ndi makhadi osagwirizana n'komwe. Ognyan anazikokolola ndi manja awiri. Kulangiza n'kosavuta, anthu inu.

Bilyana yekha ndiye anasunga mawu aja. Anakhala phee, akutaya makhadi oipa mosadandaula. Anzake a Ognyan ankatsanzira bwana wawo koma nzeru zake analibe. Mmodzi anamuopseza Bilyana osadziwa kuti mtsikanayo ali ndi mafumu awiri m'manja, n'kutuluka m'masewera. Winayo sanachedwe kumutsatira. Pofika folo koloko patebulo panatsala anthu awiri, ndipo mulu wa Bilyana unali waukulu kuposa wa Ognyan.

Madala anayamba kutsokomola monyada. Agogo Stoyko anadzipanikiza mpaka kuima kumbuyo kwenikweni kwa mdzukulu wawo, mpweya wa adyo ukumufika m'khosi.

Kuyambira pamenepo zinthu zinatembenuka. Bilyana akalandira makhadi aakulu, Ognyan ankataya msanga osaika kanthu. Akalandira ofooka, Ognyan ankakweza ngati waona. Kasanu, kasanu ndi kamodzi, kasanu ndi kawiri. Mulu wa Bilyana unatsika mpaka milu iwiriyo inatsala pang'ono kufanana. Wake unkangoposa ndi kadzanja.

Oonerera anayamba kunong'ona kuti mnyamatayu anabwera ndi mankhwala ku Jeremani. Bilyana anamuyang'anitsitsa pamene Mayi Zlatka ankagawanso. Anaona kuti Ognyan sakuyang'ana iye, ndipo sakuyang'ana makhadi. Maso ake anali pamwamba pa mutu wa Bilyana.

4. Zinyalala

Bilyana anatukula m'mphepete mwa makhadi ake awiri. Eyiti wofiira. Eyiti wakuda.

Kumbuyo kwake kunamveka kubuula kwakuya, ngati munthu wamva uthenga wa maliro. Agogo Stoyko anali ataona. Anagwetsa nkhope, anavula chipewa, n'kuyang'ana kudenga. Sankachita dala ayi. Kwa iwo mdzukulu wawo anali atalandira zinyalala ziwiri.

Ognyan anaona nkhopeyo, milomo yake n'kugwedezeka pang'ono. Bilyana naye anaona kugwedezekako, ndipo zonse zinamveka. Mankhwala a ku Jeremani anali nkhope ya agogo ake. Ognyan ankaiwerenga ngati nyuzipepala. Nthawi zonse inkamuuza zoona, chifukwa makhadi aakulu ndi aakulu pa beloti ndi pa poka pomwe. Koma lero nyuzipepalayo inali italemba bodza mosadziwa.

"Makumi awiri," anatero Ognyan akuponya nyemba.

Maeyiti awiri ndi makhadi ovuta kusewera. Si aakulu oti munthu n'kugona nawo tulo, si aang'ono oti n'kuwataya. Amaposa zambiri zimene munthu wokweza nthawi zonse amakhala nazo, koma khadi lililonse lalikulu lotuluka pakati limatha kuwameza. Bilyana akanakweza, Ognyan akanadzidzimuka n'kuthawa ndi makhadi ake oipa. Akanataya, akanasiya chinthu chabwino chifukwa cha mantha. Anawerenga nyemba makumi awiri n'kuziika mofatsa.

"Ndatsatira."

Mayi Zlatka anayala makhadi atatu: mfumu, sikisi ndi thuu. Bilyana anagogoda tebulo ndi chala, kutanthauza kuti sakuika kanthu, mnzakeyo ayambe.

"Makumi anayi. Mfumu ndi yanga imeneyo, chemwali. Tinadziwana ku Jeremani."

Anyamata anaseka. Bilyana anaganiza kuti munthu amene wakweza kasanu ndi kawiri konse sangakhale ndi mfumu nthawi zonse, poti mafumu alipo anayi okha. Anatsatira.

Khadi lachinayi linali folo. Silinasinthe kanthu. Bilyana anagogodanso.

"Makumi asanu ndi atatu!"

Apa m'holo munayamba kutentha kuposa mbaula. A Kolyo anasiya kutafuna. Agogo Stoyko ankapondaponda ngati munthu wofuna kupita kuseri. Bilyana akuwerenga nyemba, ziwiri zinamupulumuka, koma anazitola n'kumaliza kuika. Mantha anali nawo ndithu, tisanamizane.

Mayi Zlatka anatembenuza khadi lomaliza. Mfumukazi.

Tsopano pakati panali makhadi awiri oposa eyiti. Ognyan akanakhala ndi mfumu imodzi kapena mfumukazi imodzi m'manja, zonse zinali zitatha. Bilyana anagogoda kachitatu. Ognyan anaimirira, n'kukankha mulu wake wonse ndi mikono iwiri.

"Zonse!"

Agogo Stoyko analephera kupirira.

"Taya, mwana, taya! Usunge zotsalazo! Ulibe kanthu!"

"A Stoyko!" anakalipa Mayi Zlatka. "Mukatsegulanso pakamwa mukaonerera panja!"

Ognyan anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Wamva, chemwali? Ngakhale agogo ako akudziwa. Mvera akuluakulu. Taya, upume, udye banitsa. Palibe akuseke, wayesetsa. Tayatu, nthawi ikupita."

Bilyana anayang'ana nyemba zimene anatsala nazo. Akanataya, akanatsala ndi zoti n'kusewerabe nazo pang'ono, koma zochepa kwambiri poyerekeza ndi za mnzakeyo. Akanatsatira n'kupezeka kuti walakwa, kiyi akanapita. Anatembenuka n'kuona a Dobri pampando wawo, maso ali chitsinzinire ngati akugona, koma manja atagwira ndodo zolimba.

Agogo ake enieni anali atamuuza kuti ataye, pamaso pa mudzi wonse. Kwathu mwana satsutsa mkulu pagulu. Bilyana anagwira dzanja la agogo lomwe linali paphewa lake, n'kulifinya pang'ono ngati wopepesa. Kenako anayang'ana Ognyan m'maso.

"Achimwene, ndifunse nawo. Ngati mfumu ndi yanu, mukundithamangitsiranji? Si mukanafuna kuti ndiike nyemba zanga zonse?"

Ognyan anasiya kuseka. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anathawitsa maso.

Bilyana anakankha mulu wake.

"Ndatsatira."

5. Kiyi

"Woyamba kuika ndiye woyamba kuonetsa," anatero Mayi Zlatka.

Ognyan anazengereza, kenako anaponya makhadi ake patebulo. Jeke ndi naini.

Madala onse anabuula pamodzi. Jeke ndi naini! Pa beloti amenewo ndi makhadi amene munthu amawalota. A Kolyo anagwira mutu. Wina kumbuyo anati, "Tatha ife." Bilyana anatembenuza ake, ndipo ataona maeyiti awiri madala anabuula kachiwiri, mokweza kuposa poyamba. Agogo Stoyko anabisa nkhope m'chipewa.

A Dobri sankaona makhadi, koma makutu anali nawo. Anaimirira pang'onopang'ono, namanga mabatani a chikhoti mpaka m'khosi. Anatola kakhushoni kakale kamene malemu akazi awo anawasokera, kamene kanakhala pampandowo zaka khumi ndi ziwiri, n'kukapanira m'khwapa. Sanadandaule. Anangoyamba kufufuza njira ya kuchitseko ndi ndodo.

"Mukupita kuti, a Dobri?" anafunsa Mayi Zlatka. "Sindinalengeze."

Anagogoda tebulo ndi kiyi mpaka m'holo munati zii.

"Jeke ndi naini sizikufanana ndi khadi lililonse pakatipa. Mnyamatayu alibe kanthu. Mtsikanayu ali ndi awiri ofanana. Maeyiti apambana."

Palibe anapuma. Mayi Zlatka anafananitsa milu iwiri ija, ndipo wa Bilyana unakwirira wa Ognyan n'kutsalako nyemba zisanu ndi ziwiri. Ognyan analibenso ngakhale imodzi.

Agogo Stoyko anachotsa chipewa kumaso.

"Eyiti? Eyiti weniweniyu, wa masiku onseyu?"

"Yemweyo, agogo."

"Wadya jeke?"

"Ndi naini yemwe."

Holo inaphulika. Amayi anaimba m'manja, ana anadumpha m'mazenera, nyemba zinamwazikira pansi ponse. Madala aja amene ankati msana ukuwawa anayambitsa gule wogwirana manja mozungulira matebulo. Agogo Stoyko anatola maeyiti awiri aja, kuwapsompsona, n'kuwakweza m'mwamba.

"Ndinamuphunzitsa ine! Magazi anga amenewa! Ndimanena nthawi zonse kuti eyiti ndi khadi!"

Bilyana anaseka mpaka misozi. Mtima wake unadzaza chimwemwe chimene sanachimvepo, ngakhale tsiku limene anakhoza masamu kuposa sukulu yonse. Mayi Zlatka atamupatsa kiyi, sanaupereke kwa agogo ake. Anadutsa pakati pa ovina mpaka pamene panaima a Dobri.

"Agogo Dobri, inu ndi amene mumafika oyamba. Muzitsegula ndinu."

Mkuluyo anaugwira kiyiwo ndi manja onse awiri. Anabwerera kumpando wake, anayala kakhushoni kaja, anakhala pansi, n'kumasula batani la m'khosi. Misozi inkatsika m'makwinya osaipukuta.

Phokoso litachepa a Dobri anamukoka Bilyana dzanja.

"Mwana wanga, lero wandigulira moyo ndi nyemba, ndipo Mulungu akudalitse. Koma tamvera mawu a munthu amene anaonapo. Ukudziwa chifukwa chake ndilibe nkhuni? Bambo anga anandisiyira munda wa mphesa kuseri kwa tchalitchi. Ndili mnyamata ndinali ndi dzanja labwino pa makhadi, ngati iweyo. Anthu ankandiimbira m'manja ngati mmene akuimbira lero. Tsiku loopsa pa njuga si limene waluza. Ndi limene wapambana, chifukwa kukoma kwake kumakhala m'kamwa, ndipo umabwerera kukakufunafuna. Ine ndinabwerera zaka zisanu ndi ziwiri. Mundawo lero ndi wa anthu ena, ndipo ndikamadutsa ndimayang'ana kumbali. Lero wasewerera anthu. Tsiku limene udzasewerere thumba lako, makhadi omwewa adzakusandukira. Mutu uli nawowu ndi wa sukulu, usaugulitse patebulo."

"Ndamva, agogo," anatero Bilyana.

Anatuluka panja kuti apitidwe mphepo, poti nkhope inali itatentha. Dzuwa linali likulowa kuseri kwa phiri. Ognyan anali atatsamira galimoto yake yekha, anzake atamuthawa. Sankaoneka wokwiya.

"Wandidya bwino, chemwali," anatero. "Ndasewera ndi anthu ambiri, koma wonditsatira kanayi ndi maeyiti sindinamuonepo. Kiyi ndi wanu, sinditsutsa."

"Zikomo, achimwene."

"Koma luso lotere kumathera pa nyemba? Loweruka likubwerali ku tauni ya Plovdiv kuli masewera enieni. Wopambana amatenga ndalama zoti n'kulipirira chaka chonse cha yunivesite. Paja ukufuna kupita ku yunivesite, eti? Amayi ako angakwanitse ndi malipiro a kufakitale?"

Aliyense m'mudzi ankadziwa kuti sangakwanitse.

Ognyan analemba nambala ya foni pa kapepala n'kumupatsa. "Zolowera ndilipira ine, tidzagawana pakati. Galimoto inyamuka naini koloko m'mawa. Madala asadziwe."

Analiza galimoto n'kupita. M'holo ankaimbabe, ndipo mawu a Agogo Stoyko ankamveka pamwamba pa onse akuitana mdzukulu wawo kuti adzavine. Bilyana analowa. Anaima pafupi ndi mbaula, chitseko chake chili chotsegula, moto uli lawilawi. A Dobri anamumwetulira.

Bilyana anayang'ana moto, anayang'ana kapepala. Kenako anakapinda kawiri n'kukaika m'thumba la chikhoti.